Plasma, TV imene inapangidwira usiku

Papita zaka zoposa 10 chisiyireni kupanga ma TV a plasma. Kampani ya Panasonic inalengeza mu Okutobala 2013 kuti ikuchoka pa bizinesiyi, ndipo pofika Malichi 2014 inali itatsekeratu. Samsung ndi LG anatsatira chakumapeto kwa 2014. Chimene chimandizunguza mutu mpaka lero n'chakuti ma TV omaliza amene makampaniwa anatulutsa mu 2013, monga Panasonic ZT60 ndi VT60 kapena Samsung F8500, ndi omwewo amene akatswiri oyesa ma TV ankawaika patsogolo pa ma LCD onse a chaka chimenecho pa kukongola kwa chithunzi. Katundu amachoka pamsika akapezeka wina womuposa, koma plasma inachoka ikadali pamwamba. Imene inailanda malo, TV ya LCD, inali yochepera pa ntchito imene ine ndimafunira TV yaikulu: kuonera filimu usiku nyali zonse zitazimitsidwa.

Ndiyambe ndawongola kaye chinthu chimodzi, chifukwa chimatayitsa anthu ndalama. Kwathu kuno TV iliyonse yopyapyala yopachika pakhoma timangoti plasma. Zimene mumaona m'mashopu a ku Limbe kapena ku Lilongwe, zatsopano m'katoni, palibe plasma ndi imodzi yomwe. Pafupifupi onsewo ndi ma LCD, ngakhale pa katoni alembepo LED kapena QLED. Plasma yeniyeni lero imapezeka yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera ku Joni, ku UK, kapena kwa munthu amene akusamuka ndipo watopa nako kuinyamula. Kuizindikira sikuvuta. Ndi yolemera kwambiri, kutsogolo kwake ndi galasi lolimba loti mukadinikiza ndi chala chithunzi sichichita mafunde, ikayaka kwa kanthawi imafunda pamwamba, ndipo mukaika khutu kumbuyo mumamva kulira kwapansipansi. Kawirikawiri imayambira mainchi 42 kupita m'mwamba. Nambala yakumbuyo imanenanso zoona: ya Samsung imayamba ndi PS kapena PN, ya Pioneer ndi PDP kapena KRP, ya Panasonic ya ku Ulaya ndi TX-P.

Sikirini ya plasma ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, ndipo pakati pake pali tizipinda ting'onoting'ono todzazidwa ndi mpweya wa neon ndi xenon. Magetsi akadutsa m'kachipinda, mpweyawo umatulutsa kuwala kwa ultraviolet kumene maso athu sakuona. Kuwalako kumamenya mankhwala otchedwa phosphor opakidwa m'kati mwa kachipindako, ndipo mankhwalawo ndi amene amayaka, ena ofiira, ena obiriwira, ena abuluu. Tizipinda titatu timapanga kadontho kamodzi ka chithunzi. TV ya Full HD ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, kutanthauza timadontho toposa 2 miliyoni ndi tizipinda toposa 6 miliyoni, kalikonse kali nyali pakokha. Pamene chithunzi chikufuna kuwala, tizipinda ta pamenepo timayaka. Pamene chikufuna mdima, timangotsala pang'ono kuzimiratu.

LCD imagwira ntchito mwa njira ina. Kumbuyo kwake kuli nyali yoyaka nthawi zonse, kale inali ya timachubu, masiku ano ndi ya LED, ndipo kutsogolo kuli timazenera mamiliyoni totseguka ndi kutsekeka. Ikafuna kuonetsa chakuda imatseka timazenerato, koma nyali ija ikuyakabe kumbuyo. Zili ngati kuphimba nyali ndi chitenje: chipinda chimachita kamdima, koma kuwala kumadutsabe m'nsalumo. N'chifukwa chake usiku wa m'filimu pa LCD yotchipa umaoneka wotuwa, nthawi zina wokhala ngati wabuluu, ndipo m'makona a sikirini mumaoneka zigamba zowala. Masana simungazione. Zimitsani nyali, mudzaziona, ndipo mukaziona kamodzi maso amangobwerera pomwepo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Anthu ambiri akamasankha TV amafunsa kuti ndi yowala bwanji, ndi ya mainchi angati, ndi ya 4K (ya timadontho tochuluka kanayi kuposa Full HD) kapena ayi. Koma chimene chimapatsa chithunzi kuya, choti munthu wa m'filimu aoneke ngati waima kutsogolo ndipo khoma lili kutali kumbuyo kwake, ndi kusiyana kwa pakati pa malo owala kwambiri ndi malo akuda kwambiri. Kuwala kuli ndi malire ake, makamaka m'chipinda cha mdima momwe TV yowala mopyola imangopweteka maso. Choncho mpikisano weniweni uli pa mdima: chakuda chake n'chakuda motani, ndipo m'kati mwa chakudacho mukuoneka zinthu kapena ayi.

Kwa ife akhungu lakuda funso lachiwirili ndi lalikulu kuposa mmene olemba ndemanga a ku Ulaya ndi ku America amalitengera. Taganizirani chithunzi cha munthu wakuda atavala jekete lakuda, ataima pakhonde usiku, kuwala kukuchokera pa babu limodzi kumbali. Pa TV yofooka pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Mwina nkhope yonse imamira, n'kutsala maso ndi mano, kapena mwini TV amakweza kuwala kuti aone nkhopeyo, ndiye khungu limasanduka lotuwa ngati munthu sanadzole, jekete nalonso lotuwa, usiku nawonso wotuwa. Pa plasma yabwino mumaona mzere wa kuwala ukutsetsereka pa tsaya, thukuta pamphumi, kufiirira kwa khungu pamene babu lawomba, kolala ya jekete ikusiyana ndi khosi, ndipo kumbuyo kwake kukadali usiku weniweni. Wojambula filimu anavutika kuyala nyali zake kuti zonsezo zioneke. TV yanu ndiyo imagamula ngati ntchito yakeyo ifike kwa inu kapena ithere panjira.

Yanga ndi ya mainchi 50, ndinaigula kwa banja lina limene linkabwerera kwawo. Mafilimu ambiri amajambulidwa otambalala kuposa sikirini ya TV, motero pamwamba ndi pansi pamatsala mizere iwiri yakuda. Pa LCD imene ndinali nayo poyamba mizereyo inkaoneka bwinobwino ngati malamba awiri otuwa. Pa plasma, ndikatseka makatani ndi kuzimitsa nyali, mizereyo imangotsala pang'ono kusakanikirana ndi felemu ya TV, moti maso amaiwala kuti pali bokosi. Sindikuti imazimiririka kotheratu. Plasma imasunga kamoto pang'ono m'tizipinda tonse kuti tisachedwe kuyaka tikafunika, ndiye mukayang'anitsitsa pa chithunzi chakuda bii mumaona kuti sikirini ikuyaka pang'ono. Nkhondo yonse ya mainjiniya a plasma kwa zaka zambiri inali yochepetsa kamoto kameneko.

Chachiwiri chimene plasma inkapambana nacho ndi zinthu zothamanga. Kupatula kamoto kaja, kachipinda ka plasma sikadziwa kuyaka pang'ono. Kamayaka kapena kuzima basi. Kuti kaonetse kuwala kwapakati, kamaphethira kambirimbiri m'kati mwa chithunzi chimodzi, ndipo diso limaphatikiza kuphethirako. Nambala ija ya 600Hz imene inkalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa makatoni inachokera apa: zithunzi 60 pa sekondi, chilichonse chogawidwa ka 10. Sikuti TV inkaonetsa zithunzi 600 pa sekondi, kumeneko kunali kukometsa malonda chabe. Koma phindu lake linali lenileni. Popeza chithunzi chimabwera mophethira, diso likamatsatira mpira kapena galimoto silikokera chithunzi chakale. LCD imagwira chithunzi chimodzi chili chiyakire mpaka chinzake chifike, ndipo diso loyenda limachipaka. Onerani mpira kamera ikamasesa bwalo kuchokera ku golo ina kupita ku inzake: pa plasma manambala a pa jezi amawerengekabe, pa LCD wamba udzu ndi anthu zimasakanikirana mpaka kamera itaima.

Opanga ma LCD anayesa kuthetsa vutoli pouza TV kuti izipeka zithunzi zina zoika pakati pa zenizeni. Pa mpira zimathandiza. Pa filimu zimaononga, chifukwa filimu imajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi ndipo kayendedwe kameneko ndi mbali ya maonekedwe ake. Mukaonjezera zopeka, filimu yodula imaoneka ngati pulogalamu ya mu situdiyo. Ma plasma abwino ankalandira zithunzi 24 zija kuchokera pa disiki ya filimu ya Blu-ray n'kuzibwereza mofanana, Pioneer katatu kufika pa 72, ma Panasonic apamwamba kanayi kufika pa 96, popanda kupeka kalikonse.

Chachitatu n'chapafupi koma chofunika m'nyumba zathu, momwe TV siionedwa ndi munthu mmodzi. Bambo ali pa sofa yapakati, mayi ali kumbali, ana ali pansi pa kapeti, mlendo wapatsidwa mpando wa kukhomo. Pa plasma onsewa akuona mitundu yofanana. Pa ma LCD ambiri, amene wakhala pakati yekha ndiye akuona chithunzi chabwino, wa kukhomo uja akuona chofwifwa.

Luso limeneli ndi lakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Linayambira pa University of Illinois ku America mu 1964, pamene Donald Bitzer, Gene Slottow ndi wophunzira wawo Robert Willson ankafuna sikirini ya makompyuta ophunzitsira otchedwa PLATO. Zoyambazo zinali za mtundu umodzi wokha, wa olenji. Fujitsu ya ku Japan inatulutsa ya mitundu yonse ya mainchi 21 mu 1992, ndipo mu 1997 Philips inayamba kugulitsa ya mainchi 42 ku America pa mtengo wa pafupifupi madola 15,000. Nthawi imeneyo Malawi anali asanatsegule n'komwe wailesi yakanema yakeyake; TVM inayamba mu 1999. Kwa zaka zingapo zotsatira, munthu wofuna TV yaikulu yopachika pakhoma analibe kwina kopita koma ku plasma, chifukwa ma LCD aakulu anali ovuta kupanga. Ndikhulupirira kuti dzina lija linakakamira m'kamwa mwathu nthawi imeneyo. Panasonic inafika pochita kudzionetsera: ya mainchi 103 mu 2006, yolemera makilogalamu oposa 200, kenako ya mainchi 150 pa chionetsero cha CES ku Las Vegas mu 2008, kenako ya 152 mu 2010.

Koma dzina limene okonda mafilimu amalitchula mwaulemu mpaka lero ndi Pioneer Kuro, imene inatuluka mu 2007 n'kukonzedwanso mu 2008. Pioneer inatsitsa kamoto kaja kufika pamene palibe wina anafikapo, ndipo kwa zaka zingapo TV iliyonse yatsopano inkayesedwa poiika pafupi ndi Kuro. Mitundu ina monga KRP-500M inkagulitsidwa yopanda chokokera masiteshoni, chifukwa opanga ankadziwa kuti wogula ali kale ndi dikoda, pleya ndi masipika ake. Vuto linali mtengo. Inali yodula kwambiri kuposa ma TV ena a saizi yomweyo, ndipo inatuluka dziko likulowa m'mavuto azachuma a 2008. Mu Febuluwale 2009 Pioneer inalengeza kuti yasiya kupanga ma TV. Panasonic inatenga luso lina la Kuro, ndipo zinaitengera mpaka 2013 kuti anthu ayambe kukangana ngati ZT60 yafika pa Kuro kapena yaiposa. Chaka chomwecho Panasonic nayonso inagonja.

Chinaipha n'chiyani? Choyamba ndi shopu. TV imagulidwa masana, m'sitolo yowala ndi nyali zambirimbiri, itandandalikidwa pakati pa zinzake. Pamalo otere LCD imawala kwambiri, pamene plasma imaoneka yofooka, galasi lake likunyezimira nyali za kudenga. Ubwino wake wonse umaoneka mumdima, ndipo palibe sitolo imene imazimitsa nyali kuti kasitomala aone. Chachiwiri, LCD imapangidwa m'masaizi onse, kuyambira foni, laputopu mpaka TV, choncho mafakitale ake anachuluka ndipo mtengo unatsika msanga. Plasma inali ya ma TV aakulu okha. Chachitatu ndi magetsi: boma la California linakhazikitsa malire a magetsi amene TV ingadye kuyambira 2011, ku Ulaya kunabwera zikwangwani zosonyeza kadyedwe ka magetsi, ndipo plasma inkakhala kumunsi. Kenako kunabwera 4K. Kuti plasma ikhale ya 4K inafunika tizipinda pafupifupi 25 miliyoni, ndipo kachipinda kakachepa kamawala mofooka n'kumadya magetsi ambiri. Pa saizi ya pabalaza zinali zosatheka pa mtengo woti anthu n'kugula.

Nkhani ya magetsiyi kwa ife si yongowerenga. Plasma imadya molingana ndi chithunzi: filimu ya mdima imadya pang'ono, pulogalamu yowala ya masana imadya kwambiri. Zakale za m'ma 2007 ndi 2008 za mainchi 50 zimatha kudya mawati 300 kapena kuposa. Zomaliza zinatsika ndithu, komabe sizinafike pa LCD. Tiyeni tiwerengere. TV ya mawati 300 yoyaka maola 5 patsiku imadya mayunitsi 1.5, pamwezi 45. LCD ya mawati 80 pa maola omwewo imadya mayunitsi 12 pamwezi. Amene amagula mayunitsi a magetsi akudziwa kuti kusiyana kwa 33 pamwezi si nthabwala. Ndipo ngati nyumba yanu imadalira sola ndi batire, plasma iiwaleni. Idzakumwerani batire filimu isanafike pakati, ndipo pa inveta yotchipa imalira. M'nyengo yotentha ya Okutobala, m'chipinda chotseka makatani, imaonjezanso kutentha moti mumamva. Mu Juni palibe amene amadandaula.

Ilinso ndi khalidwe lina limene limadabwitsa oyamba kuiona. Chithunzi chonse chikakhala choyera, monga chipale chofewa kapena tsamba la pa kompyuta, TV imadzichepetsera kuwala yokha poteteza magetsi ake, ndiye choyeracho chimaoneka chofwifwa. Kandulo imodzi mumdima imawala mochititsa kaso, koma thambo lonse lamasana limaoneka lofooka. Pabalaza pamene dzuwa limalowa ndi mazenera aakulu, plasma ndi yokhumudwitsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukayandikira kwambiri mumaonanso timadontho tikuvinavina m'malo a mdima, ndipo anthu ena a maso akuthwa amaona kamzere kobiriwira kapena kachikasu kotsatira chinthu choyera chikamathamanga, chifukwa mankhwala obiriwira amachedwa kuzima kuposa abuluu.

Ndiye pali chimene aliyense anamvapo: kupsa kwa sikirini. Phosphor amatha mphamvu akamagwira ntchito, ndipo malo amene amayaka kwambiri amatha msanga kuposa ena. Chizindikiro cha siteshoni chokhala pakona tsiku lonse, kabokosi ka zigoli, mzere wa nkhani woyenda pansi, zonsezi zimatha kusiya chithunzithunzi. Pali mitundu iwiri. China n'chakanthawi, chimachoka mukaonera zina kwa maola angapo. China n'chamuyaya. Ma plasma a zaka zomaliza anali olimba ndithu, ndipo ankasuntha chithunzi pang'onopang'ono mosaoneka pofuna kupewa zimenezi, koma TV imene yakhala m'bala kapena mu vidiyo sho ikuonetsa mpira wa pa siteshoni imodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, kawirikawiri imakhala ndi chipsera. Pokagula, tengani flashi yokhala ndi zithunzi za mtundu umodzi wodzaza sikirini yonse: choyera, chotuwa, chofiira, chobiriwira, chabuluu. Pa chotuwa ndi pamene chinsinsi chimaululika. Mukaona mzukwa wa chizindikiro cha siteshoni pakona, kapena mbali ziwiri za sikirini zikuwala kusiyana ndi pakati, musamvere zoti chichoka mawa. Zithunzi zomwezo zikuonetsaninso mizere yakufa ndi timadontho tosayaka.

Chenjeraninso ndi manambala. Ma plasma ambiri a mainchi 42 amene ali pamsika ndi a timadontho 1024 ndi 768, ngakhale pa felemu palembedwe HD Ready, ndipo ena akale kwambiri ndi a 852 ndi 480. Mawu a HD Ready amatanthauza kuti TV imalandira chithunzi cha HD, osati kuti imaonetsa timadontho tonse ta Full HD. Yofuna filimu ya pa Blu-ray ikhale ya 1920 ndi 1080. Komabe musatengeke nazo mopyola. Kuti diso lione timadontho tonse ta Full HD pa mainchi 50 muyenera kukhala pafupifupi mamita awiri kuchokera pa TV. Sofa ikakhala mamita atatu kapena anayi, monga zilili m'nyumba zambiri, kusiyana kwa 768 ndi 1080 kumachepa kwambiri, ndipo kwa 4K sikuoneka n'komwe. Kusiyana kwa mdima kokha ndi kumene kumaoneka ngakhale muli pakhomo. Ine nditapatsidwa plasma yabwino ya 1080 ndi LCD yotchipa ya 4K kuti ndisankhe yoonera filimu usiku, sindingachedwe.

Zonsezi zimadalira chimene mukuipatsa TV. Ambiri a ife mafilimu timakathiritsa pa flashi, ndipo kuti akwane ambiri amakhala ofinyidwa kwambiri. Filimu ya maola awiri yofinyidwa kufika pa mamegabaiti 700 imataya zambiri, ndipo zoyamba kutayika ndi za mumdima zija: m'malo mwa mthunzi wosalala mumaona timabokosi tikusuntha kumbuyo kwa munthu. TV yabwino siibisa zimenezo, imazionetsa bwino lomwe. Chimodzimodzi masiteshoni ambiri a pa dikoda amene si a HD. Plasma imawachitira chifundo kuposa LCD ya 4K, imene imafunika kutambasula chithunzi chaching'onocho kwambiri, koma singabweze zimene zinatayika kale. Ngati mwavutika kunyamula TV yolemera chotere, ipatseni Blu-ray kapena fayilo yaikulu, ndipo lumikizani ndi HDMI, osati tizingwe titatu tachikasu, toyera ndi tofiira tija.

Ikafika kunyumba, choyamba kuchita n'kuichotsa pa Dynamic kapena Vivid. Zimenezo zinapangidwira kusitolo: zimakweza buluu, zimathira mitundu yambiri moti udzu umaoneka ngati wapulasitiki, zimadya magetsi ambiri ndiponso zimafulumizitsa kupsa kwa sikirini. Sankhani Cinema kapena Movie, ndipo pa ma Panasonic ena pali THX. Tsiku loyamba mudzaona ngati chithunzi chachita chikasu ndipo mudzafuna kubwerera. Pirirani masiku angapo. Choyera chimenecho ndiye chimene opanga mafilimu amagwiritsa ntchito, ndipo maso akazolowera, Dynamic ija imaoneka ngati yodwala. Tsitsani Sharpness, chifukwa imangojambula mizere yoyera m'mphepete mwa zinthu. Brightness, ngakhale dzina lake likunena za kuwala, kwenikweni imayendetsa mdima: ikakwera chakuda chimatuwa, ikatsika kwambiri nkhope zimamira. Imitsani filimu pa chithunzi cha usiku chokhala ndi munthu wovala zakuda, kwezani mpaka makwinya a chovala aoneke, kenako tsitsani pang'onopang'ono kufika pamene mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi yadanso koma makwinyawo akuonekabe. Kababu kofooka koika kumbuyo kwa TV, kowalitsa khoma lokha, kamapumitsa maso ndipo kamachititsa chakuda kuoneka chakuda kwambiri.

Zina zimene zinkalembedwa pa katoni musazilipirire. Mapulogalamu a intaneti a m'ma TV a 2011 mpaka 2013 ambiri anasiya kugwira ntchito. Kabokosi kakang'ono kolumikiza pa HDMI kamachita bwino kuposa. Pobowola pa USB sipawerenga mafayilo ambiri a masiku ano. 3D, imene inabwera ndi phokoso mu 2010, plasma inkaionetsa bwino chifukwa cha liwiro lake, koma magalasi ake amafuna batire, ndi osowa, ndipo makampani anaisiya. Masipika ake ndi abwinoko kuposa a ma TV opyapyala a lero chifukwa muli malo, komabe filimu imafuna masipika apadera. HDR, luso la ma TV atsopano lokulitsa kusiyana kwa kuwala ndi mdima, ilibe, ndipo sidzakhala nayo.

Ponyamula, plasma iziima chilili nthawi zonse. Magalasi awiri aja ndi aakulu, olemera ndi opyapyala. Mukaigoneka chafufumimba kumbuyo kwa pikapu n'kudutsa m'maenje, galasi limapindika pakati ndipo limatha kusweka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Ya mainchi 50 ya m'ma 2008 imaposa makilogalamu 30, ya 60 imafika cha m'ma 50, choncho amene mukuitanitsa pa basi kuchokera ku Johannesburg uzani wonyamulayo momveka, ndipo poipachika pakhoma la njerwa zosawotcha ganizani kawiri. Onaninso chikwangwani chakumbuyo. Ya ku UK ndi ya 230V ndipo pulagi yake ndi yofanana ndi yathu. Ya ku South Africa imangofuna kusintha pulagi. Koma ya ku America ndi ya 120V, ya ku Japan 100V, ndipo zambiri mwa izo mukazilumikiza mwachindunji zimapsa nthawi yomweyo. Kamtetezi ka magetsi koika pa soketi n'kofunika, poti magetsi akabwera mwamphamvu atathima, bodi ya pawa ndiyo imayamba kufa. Plasma imaliranso kwambiri pamalo okwera chifukwa mpweya wakunja umapepuka, koma vutoli limakula cha m'ma mamita 2,000. Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita ongopitirira 1,000, ndiye palibe nkhawa. Wa ku Dedza kapena ku Johannesburg angamve kulirako pang'ono usiku filimu ikakhala chete.

Kodi pali imene inaiposa? Ilipo. OLED, imene LG inayamba kugulitsa ya mainchi 55 mu 2013, nayonso kadontho kalikonse kamayaka pakokha, ndipo kakazima kamazimiratu, popanda kamoto kotsala. Ndi yopepuka, ndi ya 4K, ili ndi HDR. Amene ali ndi ndalama zake agule OLED, ngakhale pa zinthu zothamanga ine ndimakondabe plasma, poti OLED nayo imagwira chithunzi chili chiyakire ngati LCD. Koma mtengo wa OLED kwa ambiri a ife ndi wosayandikirika, ndipo chimene chili m'manja mwathu ndi kusankha pakati pa LCD yatsopano yotchipa ndi plasma yakale yosamalidwa bwino. Wa mpira wa masana, nkhani ndi makatuni a ana, kapena wa sola, atenge LCD. Wa magetsi okhazikika, chipinda chotheka kuchita mdima ndi mtima wa mafilimu, afunefune plasma ya 2012 kapena 2013 ya 1080.

Ikafa, wina asakunamizeni kuti yatha gasi ndipo akuthirirani wina. Mpweya uja unatsekeredwa kufakitale, suthiridwanso, ndipo sutha. Panasonic inkanena kuti masikirini ake omaliza amatenga maola 100,000 kuti kuwala kutsike kufika pa theka. Chimene chimafa ndi mabodi: ya pawa, kapena ziwiri zoyendetsa tizipinda zimene amisiri amazitcha Y-sus ndi X-sus. Zizindikiro zake ndi TV kumveka mawu popanda chithunzi, kuyaka n'kuzima nthawi yomweyo, kapena kanyali kofiira kakutsogolo kumaphethira. Werengani kuti kakuphethira kangati, chifukwa nambalayo imauza mmisiri bodi yoti ayambire. Nthawi zambiri ndi makapasita otupa kapena matransisita opsa, zimene mmisiri wodziwa amasintha. Mabodi atsopano kulibe, onse amachotsedwa m'ma TV ena akufa, choncho ngati yanu yasweka galasi musaitaye kudzala: mabodi akewo akufunidwa ndi wina amene ali ndi TV ya nambala yomweyo, ndipo amisiri amagula.